Mbari: nyumba ya alembi imene inamera pafupi ndi msika

Sabata ino ndikutengani ulendo wautali pang'ono. Tikupita ku Ibadan, m'dziko la Nigeria, ndipo chaka chake ndi 1961. Chimene ndikufuna mukaone si nyumba yachifumu kapena yunivesite ayi. Ndi malo amene kale anali lesitilanti ya Alebanoni, pafupi ndi msika wa Dugbe, pakati pa phokoso la amalonda ndi malole. Pamalo amenewa panabadwira kalabu ya alembi ndi aluso yotchedwa Mbari. Sinali bizinesi, sinali ya boma, sinalinso ya koleji. Mphamvu zake zenizeni zinatha zisanakwane zaka 7. Koma mukatenga mayina amene munakumana nawo m'kalasi, kaya Wole Soyinka, kaya Christopher Okigbo, J.P. Clark, Alex La Guma, Dennis Brutus, Kofi Awoonor, mupeza kuti ena mwa mabuku awo oyambirira anatulukira pakhomo limeneli.

Ife timakonda kudandaula kuti alembi tilibe pokumanira, tilibe wotisindikizira, ndipo ana amene akuyamba kumene alibe wowagwira dzanja. Dandauloli ndi loona. N'chifukwa chake nkhani ya Mbari muyenera kuimva yonse, kokoma ndi kowawa komwe.

Tiyambe ndi mmene zinthu zinalili. University College Ibadan inatsegulidwa mu 1948 ngati nthambi ya University of London. Achebe anadutsa pomwepo, Okigbo, Soyinka ndi Clark chimodzimodzi. Ofuna kulemba analipo ambiri, koma wosindikiza ndakatulo kapena sewero la mwana wa kumeneko panalibe. Ukafuna kuti buku lako lituluke, unkalitumiza ku London n'kumadikira kuti munthu amene sanapondepo mu Africa aone ngati likumukomera. Amos Tutuola anachita mwayi, The Palm-Wine Drinkard inatuluka mu 1952. Achebe naye anachita mwayi mu 1958 ndi Things Fall Apart, koma mwayi wake unali wa pang'onong'ono kutayika. Iye anatumiza kope lake lolemba pamanja, limodzi lokhalo, kwa anthu otayipa ku London, iwo n'kungoliponya pakona miyezi ingapo. Kunatengera bwana wake wa kuwayilesi, amene anapita kutchuthi ku England, kukawakalipira kuti alitayipe. Tangoganizani, anzanga, buku lija kusowera m'kabati ya munthu! Ophunzira a ku Ibadan anayesako okha ndi kamagazini ka ndakatulo kotchedwa The Horn, kamene Clark anayambitsa mu 1958, kochulukitsa pa makina opukusa pamanja. Kanali kabwino, koma kankathera m'mpanda wa koleji.

Akuluakulu amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Mlendo wa nkhani yathu ndi Ulli Beier, Myuda wobadwira ku Germany mu 1922, amene banja lake linathawa ulamuliro wa Hitler n'kukakhala ku Palestine. Anafika ku Ibadan mu 1950 kudzaphunzitsa katchulidwe ka mawu a Chingerezi. Sanachedwe kutopa nawo moyo wa m'mpanda, ndiye anasamukira ku nthambi ya koleji yophunzitsa anthu akuluakulu m'matauni akutali. Ntchito imeneyi inamukhazika m'mizinda ya Ayoruba monga Ede, Ilobu ndi Osogbo, pakati pa oimba ng'oma, mafumu ndi ansembe a chipembedzo cha makolo. Mu 1956 anakakhala nawo pamsonkhano waukulu wa alembi akuda ku Paris, ndipo chaka chotsatira iye ndi Janheinz Jahn anayambitsa magazini ya Black Orpheus. Mlendo wachiwiri ndi Ezekiel Mphahlele, amene pambuyo pake ankadzitchula Es'kia. Uyu anali mphunzitsi wa ku South Africa amene boma la tsankho linamuletsa kugwira choko chifukwa chotsutsa maphunziro onyozeka amene ankakonzera anthu akuda. Anafika ku Nigeria mu 1957, ndipo ndi amene anakhala pulezidenti woyamba wa Mbari. Nigeria inali itangolandira kumene ufulu pa 1 October 1960. Anyamata aja, ambiri asanakwane zaka 35, ankaona kuti mbendera yasintha koma chipata cha mabuku chikadali m'manja mwa eni akale.

Dzina lija anapereka ndi Achebe, ndipo apa ndiima pang'ono chifukwa dzinali lili ndi nkhani. Pakati pa Aigbo a dera la Owerri, mbari ndi nyumba imene mudzi umamangira mulungu wawo, makamaka Ala, mayi mwini nthaka. Woombeza akanena kuti Ala wafuna mbari, mudzi unkasankha amuna ndi akazi m'mabanja osiyanasiyana. Anthuwa ankapatulidwa, n'kukakhala kuseri kwa mpanda miyezi yambiri, mwina kupitirira chaka, akuumba zifanizo ndi dothi la pachulu motsogozedwa ndi amisiri. Ankaumba chilichonse chimene diso laona ndi chimene mtima waopa: milungu, nyama, mayi akubereka, wapolisi, ngakhale bwanamkubwa wachizungu ndi chipewa chake. Tsiku lotsegulira, mudzi wonse unkabwera kudzaona ndi kuvina. Kenako? Kenako ankaisiya. Palibe ankaikonza, palibe ankaifolera. Mvula ndi chiswe zinkaibweza kudothi, ndipo m'badwo wina unkadzamanga yake. Inu a kuchigawo chapakati mwakumbukira kale kasiyamaliro, amene anthu amavutika kumuluka mwaluso koma mwambo ukatha amakamutentha. Mfundo imene Achebe ankaikonda pa mbari ndi yakuti osankhidwa aja sanali akatswiri. Anali alimi wamba, anthu a m'mudzi, amene kwa kanthawi anasanduka aluso chifukwa mudzi wawatuma. Kalabu imene yatenga dzina lotere ikulonjeza kuti luso ndi la aliyense. Ngati inakwaniritsa lonjezolo, tiona kutsogoloku.

M'kati mwa malo aja munali zinthu zochepa: laibulale, chipinda choonetsera zithunzi, kaofesi, ndi bwalo lapamtetete lochitirapo zisudzo ndi zoimba. Zimamveka zazing'ono, koma taganizani kalaliki wa ku positi ofesi kapena mphunzitsi wa pulayimale wa mu 1962, amene sanapondepo pa koleji, akulowa madzulo n'kupeza mabuku a alembi akuda a ku Senegal, ku Haiti ndi ku America, mawa lake n'kuonera sewero la Clark la Song of a Goat pabwalo lomwelo. Pamakoma panapachikidwa zithunzi za Ibrahim El-Salahi wa ku Sudan, za Jacob Lawrence wa ku America, ndi za mnansi wathu Malangatana wa ku Mozambique, nthawi imene dzina lake linali lisanamveke kutali. Demas Nwoko ndi Uche Okeke, anyamata ojambula amene anaphunzira ku Zaria, anali pomwepo, ndipo luso la ojambula ngati amenewa ndi limene linkakongoletsa mabuku a Mbari. Kusankha kumanga pafupi ndi msika m'malo mwa kukoleji kunali dala. Pa koleji pali geti ndi mlonda, ndipo munthu wopanda satifiketi amadzikayikira asanafike n'komwe.

Ntchito imene inasiya phazi lalikulu ndi yosindikiza. Timabuku take tinali tating'ono, topyapyala, tina tosafika masamba 50. Song of a Goat inatuluka mu 1961. Heavensgate ya Okigbo mu 1962, kenako Limits mu 1964. Masewero atatu a Soyinka m'buku limodzi mu 1963. Rediscovery ya Awoonor wa ku Ghana mu 1964, pamene iye ankadzitchulabe George Awoonor-Williams. Ndakatulo za Lenrie Peters wa ku Gambia, ndi za Tchicaya U Tam'si wa ku Congo zomasuliridwa kuchokera m'Chifalansa. Makampani a ku London ankafuna mabuku a nkhani zazitali amene angagulidwe m'masukulu. Ndakatulo ndi masewero a anyamata osadziwika ankaziona ngati kutaya ndalama. Mbari inatola zomwe zinatayidwazo.

Koma mabuku awiri ndi amene amandichititsa kuvula chipewa. Alex La Guma anali ku Cape Town, mwana wa District Six, mmodzi wa anthu 156 amene boma la tsankho linawazenga mlandu woukira kuyambira mu 1956. Pofika kumapeto kwa 1962 anali pa ukaidi wosachoka panyumba, ndipo chilichonse chimene walemba kapena kunena chinali choletsedwa kusindikizidwa m'dziko lakwawo. Buku lake loyamba, A Walk in the Night, linatulukira ku Ibadan mu 1962, mtunda wa makilomita masauzande kuchokera m'misewu imene likufotokoza. Dennis Brutus, wobadwira ku Salisbury, kumene lero timati Harare, anali mphunzitsi amene ankamenyera kuti South Africa ichotsedwe m'masewero a Olympics. Naye anali woletsedwa. Mu 1963 anagwidwa ku Mozambique ndi apolisi a Apwitikizi n'kubwezedwa, ndipo atayesa kuthawa mu Johannesburg anamuwombera mfuti. Atachira anamulamula kukhala m'ndende miyezi 18, n'kukamutsekera ku Robben Island. Chaka chomwecho cha 1963 Mbari inatulutsa ndakatulo zake, Sirens, Knuckles, Boots. Munthu akuswa miyala m'ndende, buku lake likuwerengedwa ku Lagos, ku Kampala ndi ku London. Pakanapanda kanyumba ka ku Dugbe kaja, mawu a anthu awiriwa akanadikira zaka, mwinanso akanatha ndi njenjete m'sutikesi.

Nanga achinyamata, ana osaphunzira kwambiri? Apa nkhani ikusamukira ku Osogbo. Kumeneko kunali Duro Ladipo, mwana wa mlaliki wa mpingo wa Anglican, amene anakhumudwitsa akuluampingo polowetsa ng'oma zachikuda m'nyimbo za m'tchalitchi. Ladipo ataona za ku Ibadan anati nafenso tichite zathu, ndipo mu 1962 anasandutsa malo a pakhomo pawo, pamene panali bala, kukhala kalabu. Anthu a ku Osogbo si Aigbo, ndiye mawu oti mbari anawamva m'Chiyoruba chawo, n'kuwonjezera kuti Mbari Mbayo, kutanthauza kuti ndikaona ndidzakondwa. Kumeneku zinthu zinkachitika m'chilankhulo cha anthu. Ladipo analemba masewero a mbiri ya mafumu a Oyo, monga Oba Koso, lonena za Sango, ndipo seweroli linakafika ku Berlin mu 1964 ndi ku Britain mu 1965. Oonera oyamba anali amayi a mumsika ndi ana awo.

Pa Mbari Mbayo pankachitikanso maphunziro a masiku ochepa, otsegukira aliyense wofuna. Oyamba anatsogolera Denis Williams wa ku Guyana, ndipo a mu 1964 anatsogolera Georgina, wojambula wa ku England amene anadzakhala mkazi wa Beier. Sankafunsa satifiketi. Ankangopereka pepala, penti ndi burashi, n'kusiya munthu ajambule za kumutu kwake. Obwera anali anyamata amene sukulu inawathera panjira. Jimoh Buraimoh anali wokonza magetsi m'gulu la zisudzo la Ladipo, ndipo anadzatchuka ndi zithunzi za mikanda. Muraina Oyelami anali woimba ng'oma ndi wochita zisudzo. Wina anali mnyamata wovina pamsewu pokopa makasitomala a ogulitsa mankhwala, amene anangolowerera phwando la kalabuyo osaitanidwa, n'kuvina mpaka aliyense kukhala kukamwa yasa. Mayi ake anabereka mapasa kasanu ndi kawiri, ndipo mwa ana onsewo anatsala ndi iye yekha, n'chifukwa chake anadzitcha Twins Seven-Seven. Zithunzi zake zinadzafika m'nyumba zikuluzikulu zoonetsera luso kunja, ndipo mu 2005 UNESCO inamupatsa ulemu ngati waluso woimira mtendere.

Ndiye lonjezo la dzina lija linakwaniritsidwa ku Osogbo kuposa ku Ibadan. Koma taonani bwino. Ana osaphunzira anapatsidwa penti ndi ng'oma. Cholembera chinatsala m'manja mwa a madigiri. Mukayang'ana mndandanda wa mabuku a Mbari, pafupifupi onse ndi a anthu amene anadutsa ku koleji kapena m'masukulu apamwamba, ndipo pafupifupi onse ndi amuna. Amayi monga Mabel Segun ndi Frances Ademola analipo m'kalabumo, koma mayina amene anamveka ndi a abambo. Za m'Chiyoruba zinatulukako, monga ndakatulo za Bakare Gbadamosi, koma n'zowerengeka. Nthawi yomweyo ku msika wa Onitsha amalonda ankasindikiza timabuku totchipa ta chikondi ndi malangizo, tolembedwa ndi makalaliki ndi ana asukulu, togulidwa ndi anthu miyandamiyanda. Misika iwiriyi, wa Dugbe ndi wa Onitsha, sinkadyerana kwenikweni. Amene anayesetsa kuika cholembera m'manja mwa oyamba kumene ndi Mphahlele, atapita ku Nairobi mu 1963 kukatsegula malo ofanana nawo otchedwa Chemchemi, mawu a Chiswahili otanthauza kasupe. Kumeneko ankachititsa maphunziro a kalembedwe kwa akuluakulu ndi ana a sekondale, mpaka analemba kabuku kolangiza olemba nkhani. Chemchemi sinakhalitse, Mphahlele anachokapo mu 1965.

Nkhani ya chilankhulo inaphulika poyera mu June 1962, pamene Mbari inathandiza kukonza msonkhano wa alembi ku Makerere, ku Kampala. Msonkhanowu umatchuka pa zifukwa zabwino. Ndi pamene mnyamata wa pakoleji, James Ngugi, anapatsa Achebe zolemba zake zimene zinadzakhala Weep Not, Child. Wathu David Rubadiri analipo. Koma mutu wa msonkhano unkanena za alembi a mu Africa olemba m'Chingerezi. Ndiye kuti Shaaban Robert, mlakatuli wamkulu wa Chiswahili, analibe mpando. D.O. Fagunwa, amene mabuku ake a Chiyoruba ankawerengedwa m'nyumba zosawerengeka, analibe mpando. Samuel Nthara wathu, amene Nthondo yake inatuluka kale mu 1933, lamulo lomwelo likanamusiya panja, pamene mwana wasukulu wa nkhani ziwiri zitatu za Chingerezi analowa. Chaka chotsatira Obi Wali analemba m'magazini ya Transition kuti njira ya Chingerezi sikupita kulikonse, ndipo mkangano umene anauyatsa sunazime. Inu amene mumafunsidwa kuti bwanji osangolemba m'Chingerezi kuti mupite patali, dziwani kuti funsoli lili ndi zidzukulu.

Tsopano tifike pa ndalama, poti lendi, mapepala, makina osindikizira ndi matikiti a ndege opita ku Kampala sizinkagwa kumwamba. Mbali yaikulu ya thandizo inkachokera ku bungwe lotchedwa Congress for Cultural Freedom, limene linakhazikitsidwa ku West Berlin mu 1950 ndipo likulu lake linali ku Paris. Mphahlele mwini anakalembedwa ntchito kumeneko mu 1961 kuyang'anira za mu Africa. Bungweli linkathandiza Mbari, Black Orpheus, Transition, Chemchemi ndi msonkhano wa ku Makerere. Linkati likulimbikitsa ufulu wa kuganiza. Mu 1966 nyuzipepala ya New York Times inayamba kuulula, ndipo mu 1967 magazini ya Ramparts ndi ena anamaliza: ndalama zija zinkachokera ku CIA, bungwe la akazitape la America, zikudutsira m'mabungwe achifundo ongoyerekeza monga Farfield Foundation. Cholinga chinali chakuti pa nkhondo ya mawu yolimbana ndi Soviet Union, anthu ophunzira a m'maiko ongolandira kumene ufulu asapendekere ku chikomyunizimu.

Walira mvula walira matope. Koma tisathamangire kuweruza, chifukwa nkhaniyi ili ndi mfundo ziwiri zimene sizigwirizana, ndipo zonse n'zoona. Yoyamba: Mphahlele, Rajat Neogy wa Transition ndi anzawo ananena kuti sankadziwa gwero la ndalamazo, ndipo mabuku enieniwo amawaikira umboni. La Guma anali wachikomyunizimu weniweni, amene anadzamwalirira ku Havana mu 1985 akuimira ANC. Ndiye kuti ndalama za akazitape a America zinathandiza kusindikiza buku la mdani wawo. Palibe kazitape amene akanalemba Heavensgate, ndipo palibe amene anauza Brutus chonena. Yachiwiri: mwini ndalama safunika kukugwira dzanja polemba. Amangosankha munda umene authirire. Minda imene inathiriridwa inali ya Chingerezi, ya anthu ophunzira, ya zolemba zimene London ndi New York angazimve mosavuta. Ina inangodalira mvula. Ndipo bungwe lomwelo limene linkalipirira ndakatulo ku Ibadan linali litakonzapo chiwembu chofuna kupha Patrice Lumumba, amene anaphedwa mu January 1961, chaka chimene Mbari inatsegulidwa. Kwa ine choipa chachikulu sichinali ndalamazo koma kubisa. Anthu analandidwa mpata wosankha okha kulandira kapena kukana, ndipo chinsinsi chitaululika, amene anasenza manyazi ndi iwo, osati amene anabisa. Neogy ndiye analipira kwambiri. Mu 1968 boma la Milton Obote linamutsekera pa mlandu wa zolemba zoukira, ndipo nkhani ya CIA inali ndodo yokonzeka kale yomumenyera.

Beier naye ali ndi mbali yake imene simuyenera kuidumpha. Munthuyu anagwira ntchito yoopsa, ndipo ambiri amene anawathandiza ankamukumbukira ndi chikondi mpaka imfa yake ku Sydney mu 2011. Koma ankalembanso ndi mayina a Chiyoruba. Ndemanga zina za mabuku mu Black Orpheus zinkasainidwa ndi Sangodare Akanji, amene anali iye yemwe. Masewero monga The Imprisonment of Obatala anatuluka m'dzina la Obotunde Ijimere, ana asukulu n'kumawawerenga poganiza kuti ndi a Myoruba mnzawo, chonsecho ndi a Beier. Ena amati ankangofuna kudzaza mipata pamene olemba anali ochepa. Zikhoza kutheka. Komabe mkonzi amene ali yekha wosankha, wosindikiza, wolemba ndemanga, kenako n'kuvalanso chigoba cha mwini mudzi, wadzikundikira mphamvu zambiri zedi, ngakhale mtima wake ukhale woyera bwanji. Kalumo ka mlendo kaja kamameta bwino, kamathanso kucheka.

Mathero anabwera mothamanga. Mu January 1966 asilikali analanda boma la Nigeria, mu July ena analandanso, ndipo Aigbo ambiri anaphedwa kumpoto. Kumapeto kwa chaka chomwecho Beier ndi Georgina ananyamuka, n'kukayamba ntchito yofanana ku Papua New Guinea. Thumba la ku Paris linali litabooka. Mu July 1967 nkhondo ya Biafra inayamba, ndipo anthu amene ankamwera limodzi ku Dugbe anapezeka mbali ziwiri za mzere. Okigbo ndi Achebe anali atangoyambitsa kumene kampani yawo yosindikiza mabuku ku Enugu, Citadel Press. Okigbo anaisiya n'kukavala yunifomu, ndipo anaphedwa pankhondo pafupi ndi Nsukka chaka chomwecho. Soyinka anapita kukakumana ndi mtsogoleri wa Biafra poyesa kuletsa nkhondo, boma la Gowon n'kumutsekera osazengedwa mlandu mpaka 1969, nthawi yambiri ali yekhayekha m'chitolokosi. Achebe anakhala wolankhulira Biafra kunja. Clark anatsala mbali ya boma, ndipo ubale wake ndi anzake ena unazizira zaka zambiri. Iye ndi Abiola Irele anapitiriza Black Orpheus kuyambira 1968, koma nyumba ya ku Dugbe sinadzukenso monga kale. Mabuku ake abwino anatoledwa ndi makampani akuluakulu. African Writers Series ya Heinemann, imene inayamba mu 1962 Achebe ali mlangizi wake, inasindikizanso La Guma, Brutus ndi Okigbo, ndipo ambiri a ife tinawadziwira m'zikuto za olenji zimenezo osadziwa kuti mbewu inafesedwa kwina.

Kwathu kuno zinayenda mosiyana, ndipo kusiyanako n'kofunika kukuona. Rubadiri, amene akanatha kubweretsa moto wa ku Makerere, anakhala kazembe woyamba wa Malawi ku America ndi ku United Nations mu 1964, koma atasemphana ndi Kamuzu pambuyo pa chisokonezo cha nduna anatula pansi udindo mu 1965 n'kukhala kunja zaka zambiri. Mu 1968 kunabwera lamulo lopatsa boma mphamvu younika ndi kuletsa mabuku, mafilimu ndi zisudzo. M'dziko lotero, kutsegula khomo la alembi pafupi ndi msika wa Limbe kapena wa Zomba, aliyense n'kumalowa ndi kunena zakukhosi, kukanakhala kudziitanira galimoto la apolisi. Ndiye gulu lathu linabadwira kumene anzathu a ku Ibadan ankathawa, m'mpanda wa koleji. Writers Group inayamba mu 1970 pa Chancellor College, nthawi imeneyo ili ku Chichiri, isanasamukire ku Zomba mu 1973. Inalibe nyumba yake, inalibe thumba la ku Paris. Inali ndi chipinda chobwereka, mapepala opukusa pamakina, ndi mwambo wokumana sabata ndi sabata kuwerengerana ndi kudzudzulana. Mu 1971 inatulutsa kabuku ka ndakatulo 39 kotchedwa Mau. M'menemo ndi mmene munadutsa Jack Mapanje, Lupenga Mphande, Frank Chipasula, Steve Chimombo, Felix Mnthali, Anthony Nazombe ndi ena. Poti makutu a boma anali paliponse, anaphunzira kulankhula mophiphiritsa, kubisala kumbuyo kwa Napolo, bilimankhwe ndi Chingwe's Hole.

Kuphiphiritsako sikunateteze onse. Mnthali anatsekeredwa m'ma 1970, Chipasula anathawira kunja. Buku la Mapanje, Of Chameleons and Gods, linatuluka mu 1981 mu African Writers Series yomwe ija, pamndandanda umodzi ndi La Guma ndi Okigbo, ndipo patapita zaka zochepa linachotsedwa m'masitolo ndi m'masukulu a dziko lino. Pa 25 September 1987 apolisi anamutenga ku Gymkhana Club ku Zomba n'kukamutsekera ku Mikuyu. Anakhalako zaka 3, miyezi 7 ndi masiku 16 osaonekera kukhoti. Mwa alembi a kunja amene anafuula kuti atulutsidwe munali Wole Soyinka, mnyamata uja wa ku Dugbe, amene pa nthawiyo anali atalandira mphoto ya Nobel mu 1986 ndipo fungo la chitolokosi ankalidziwa yekha.